Kukwera Mphangwe, phiri losamwa madzi

Aliyense woyenda pa mseu waukulu wa Great East kucokera ku Lusaka, akadutsa Sinda amayamba kuona mapiri a miyala kutsogolo kwake, ndipo pofika pa Katete amakhala ali m'tsinde mwake. Odziwika bwino mwa mapiriwa ndiwo Mphangwe ndi Kangarema. Tauni ya Katete inakwezeka mamita pafupifupi 1,060 kucokera pa nyanja yamcere, pamene nsonga za mapiriwa zimafika mamita ngati 1,600. Dzina la Mphangwe timalimva tsiku ndi tsiku, pakuti wailesi ya m'bomali inatenga dzina lomweli, cimodzimodzinso malo a mapemphero a dayosizi ya Chipata. Mwezi wa Ogasiti uliwonse zikwi za Acewa ocokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno kwathu zimadutsa pansi pa mapiri omwewa popita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Koma tifunsane, okondedwa awerengi: mwa anthu onsewa, ndi angati amene anapondapo pamwamba pake?

Kunena zoona, phirili silisowa alendo. Amai amakwerako kukatola nkhuni ndi kukazula bowa m'dzinja, ana amathamangirako masuku akapsa, abambo amakadula mitengo ya denga ndi kusenda luzi, anyamata amakasaka mbira ndi agalu ao. Onsewa amayenda maso ali pansi, ndipo akapeza cimene afuna amabwerera. Munthu wonena kuti akukwera phiri kungoti akafike pamwamba amasekedwa. Amamufunsa kuti anataya ciani kumeneko, mwinanso amayamba kumunong'oneza kuti wamva za miyala ya mtengo wapatali. Ife tikuti ulendo wotere uli ndi phindu, ndipo phindu lake lalikulu ndi lakuti pamwambapo munthu amaona ndi maso ake kumene madzi a m'citsime ca kwao amacokera.

Ulendo wake

Nthawi yabwino ndi ya cisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mvula itatha koma dzuwa lisanayambe kuwawa. M'dzinja thanthwe lonyowa limaterera ngati lapakidwa therere, ndipo mphezi imakonda malo oonekera. Mu Okutobala coopsa ndi moto wa kuchire, umene umathamanga kwambiri pokwera citunda kuposa pa cidikha, kotero kuti munthu amene wapezeka kumtunda kwake sangaupose liwiro.

Tisanayambe ulendo timayamba tafika kwa a mfumu a mudzi wa m'tsinde mwa phiri. Izi si za ulemu cabe. M'mapiri a kuno muli manda, muli dambwe, mulinso malo amene makolo ankathirapo nsembe popempha mvula, ndipo mlendo wosafunsa amaponda posayenera. A mfumu amatipatsa mnyamata wodziwa njira, amene ayenera kulandira kangacepe pakuti wasiya nchito yake cifukwa ca ife. Timanyamuka kum'mawa kukufiira, aliyense atatenga malita awiri a madzi, mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi ndodo. Mapatapata asiyidwe kunyumba. Odziwa za maulendo otere amati munthu wamba amakwera mamita 300 pa ola limodzi, motero citunda ca mamita 500 ndi kanthu cimafuna maola awiri, kapena atatu ngati pagulu pali acikulire.

Poyamba njira imadutsa m'minda, pakati pa mapesi a cimanga, thonje ndi mpendadzuwa. Apa aliyense amakhala ndi nkhani, kuseka kuli pakamwa. Kenaka dothi limayamba kucepa, miyala nkumaculuka, ndipo timalowa pansi pa mitengo ya mombo, mtondo ndi msuku, mlombwa ukuoneka apo ndi apo. Mtsogoleri wathu amatilozera citedze tisanacikhudze, amatilambalalitsanso mng'alu wa mwala umene njuci zamangamo. Citunda cikayamba kuuma, nkhani zija zimatha zokha. Cimene cimamveka ndi wefuwefu wa munthu wa kutsogolo ndi kulira kwa timiyala togubuduzika kumbuyo.

Pamenepo mpamene bata la phiri limayamba kudziwika, ndipo silifika nthawi imodzi. Kwa kanthawi phokoso la kumudzi limatitsatabe, likumveka bwino modabwitsa: tambala, munsi wa amai osinja, cigayo, galimoto yaikulu ikubuula pa mseu wopita ku malire a Chanida. Tikakwera pang'ono cigayo cija cimazimirira, tambala atsala. Tikakweranso tambala naye watha. Pa thanthwe lalikulu, pamene mitengo yalekeza ndipo munthu ayenera kugwiritsa manja pamodzi ndi mapazi, pamangotsala mphepo. Mbira zoothera dzuwa zimakuwa kamodzi nkulowa m'ming'alu. Nyani wamkulu amatikalipira ali pa mwala wa kutali, kenaka naye amangoti cete. Ambiri a ife tinabadwira m'nyumba yodzaza anthu, tinakulira m'kalasi yodzaza ana, ndipo masiku ano foni ili m'thumba usana ndi usiku. Bata lotere sitinalizolowere, ndipo ena limawacititsa mantha poyamba, nkuyamba kuimba mluzu kapena kuitana mnzao popanda cifukwa. Koma likakhazikika m'makutu, munthu safunanso kuti wina alankhule.

Pamwamba pamazizirirako, pakuti mpweya umatsika kutentha ndi madigiri ngati 6 pa mamita 1,000 alionse okwera. Kabawi amene kumudzi timamuyang'ana kumwamba, kuno timamuona msana. Mseu waukulu uja wasanduka ulusi, malata a tauni akung'anima ngati timagalasi tosweka. Kumadzulo kuli mapiri a ku Sinda, kum'mwera dziko likutsetsereka kulowa ku Mozambique, ndipo kum'mawa, kuseri kwa Chadiza, ndiko ku Vubwi, kumene mapiri athu amakagwirana ndi a ku Malawi. Katete ali pa msana wogawa madzi. Mvula yogwa mbali imodzi imatsikira ku cigwa ca Luangwa, yogwa mbali inayo imalowa ku Mozambique nkukathira mu Zambezi. Madontho awiri ogwa moyandikana amasiyana pano, ndipo amakakumananso kutali kwambiri, pakuti Luangwa naye amathera mu Zambezi yemweyo.

Si ife oyamba kukhala pa miyala imeneyi nkumayang'ana dziko. Ku phanga la Makwe, kum'mwera kwa Katete, kuli zithunzi zojambulidwa pa mwala, ndipo katswiri wa zinthu zakale David Phillipson anafukulako zida za miyala za anthu amakedzana. Anakumbanso ku Kalemba m'dera la Chadiza, kumene kunapezeka kuti anthu ankabisala m'phangamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Zonsezi anazilemba m'buku limene linatuluka mu 1976. Makolo athu ankati anthu amene anawapeza kuno anali Akafula.

Mapiri a njereza a ku Ulaya

Azungu naonso sanabadwe ndi mwambo wokwera mapiri. Kwa zaka mazanamazana mapiri a Alps ankaopedwa, ndipo okwerako anali abusa ndi alenje, monga kwathu kuno. Phiri la Mont Blanc linakweredwa koyamba mu 1786, ndipo bungwe loyamba la okwera mapiri linakhazikitsidwa ku London mu 1857. Mmodzi wa okwera odziwika a nthawi imeneyo anali wansembe wa ku Italy, Achille Ratti, amene mu 1889 anakwera Monte Rosa kudzera mbali yake yovuta ya kum'mawa. Mu 1922 munthu yemweyo anasankhidwa kukhala Papa Pius XI.

Masiku ano mapiri ochuka ngati Mont Blanc ndi Matterhorn amadzaza alendo. Ofuna bata amapita ku mapiri otsikirapo a ku Austria, amene mwala wake ndi wa njereza, womwe uja amauotcha nkupanga laimu ndi simenti. Limodzi mwa iwo ndi Hochschwab, lotalika mamita 2,277. Mwala wa njereza unapangidwa pansi pa nyanja kucokera ku zigoba za tizilombo ta m'madzi, ndipo pambuyo pake dziko linaukankhira kumwamba. Ncifukwa cake wokwera phiri lotere amatha kutola mwala wokhala ndi cizindikiro ca cigoba ca nkhono ya m'nyanja, iye ali pakati pa mitambo. Ngakhale nsonga ya Everest, phiri lalitali koposa onse pa dziko lapansi, ndi ya mwala wa mtundu womwewu.

Wokwera Hochschwab amayambira m'nkhalango ya mitengo ya paini, nadutsa m'zitsamba zazifupi zokwawa pansi, kenaka amatulukira pa cipululu ca mwala wotuwa, wong'ambikang'ambika, wakuthwa ngati mpeni. Mbuzi za kuchire zimamuyang'ana zili m'maphompho. Cimene cimadabwitsa mlendo ndi cakuti kumeneko kumagwa mvula yambiri, ndipo nyengo yozizira phiri lonse limakutidwa ndi madzi oundana oyera ngati ufa, koma pamwamba pake mtsinje suoneka. Nyumba yogona alendo imene ili pafupi ndi nsonga imadalira madzi a mvula ogwa pa denga. Nanga madzi onsewo amapita kuti? Madzi a mvula amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo asidiyo amasungunula njereza pang'onopang'ono. Pa zaka zikwizikwi mng'alu umasanduka dzenje, dzenje limasanduka phanga, mpaka phiri lonse limakhala ngati cisa ca ciswe. Mvula ikagwa, phiri limamwa. Madziwo amayenda mumdima mkati mwa mwala nkukatulukira m'tsinde, pa akasupe akuluakulu ozizira.

Anthu a mumzinda wa Vienna anazindikira cuma cimeneci kalekale. Atatopa ndi kolera ndi matenda ena a madzi oipa, anamanga ngalande yotseka yocokera ku akasupe a mapiri a Rax ndi Schneeberg, imene inatsegulidwa mu 1873. Mu 1910 anatsegula yaciwiri yocokera ku Hochschwab, yotalika makilomita pafupifupi 180. Madzi amatenga tsiku ndi theka kuti afike mumzinda, akuyenda okha motsetsereka popanda makina opopa. Kufikira lero anthu pafupifupi 2 miliyoni amamwa madzi a mapiri amenewa. Pofuna kuwateteza, mzindawo unagula nkhalango zazikulu zozungulira akasupe, ndipo uli ndi anchito ake ozisamalira. Bata la mapiri aja, limene alendo amalikonda, mbali ina ndi la dala: eni mzinda safuna kuti pamwamba pa madzi ao pacitike zambiri.

Ali ndi cifukwa. Mwala wa njereza umamwa ciliconse, cabwino ndi coipa comwe, ndipo susefa. Umboni wake tili nao m'dziko mwathu momwemuno. Lusaka anamangidwa pa mwala wa banja lomweli, ndipo fakitale ya simenti ya Chilanga yakhala ikuukumba kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1949. Gawo lalikulu la madzi a mzindawo limacokera pansi pa nthaka, lina ku mtsinje wa Kafue. Koma m'makomboni monga Kanyama zimbudzi zokumba zili pamwamba pa ming'alu yomweyo imene zitsime zimatungamo. Tonse tikukumbukira kolera imene inabuka kumapeto kwa 2023, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu 2024. Mwala ndi umodzimodzi, kasamalidwe ndiko kanasiyana.

Mwala wathu

Tibwerere pa nsonga ya Mphangwe. Mwala umene takhalapowu si wa njereza. Mapiri a Katete, Sinda ndi Vubwi ndi a miyala yakale yolimba, ya mtundu wa granite ndi inzake. Akatswiri a za miyala anacha cimwala cacikulu ca pansi pa dera lino dzina la Sinda, ndipo amati cinauma kucokera ku mwala wosungunuka zaka pafupifupi 500 miliyoni zapitazo. Mwala wotere mvula siusungunula. Thirani madzi a m'botolo pa thanthwe ndipo muone: amayenderera pamwamba, kufunafuna potsikira, osalowa ngakhale dontho. Mizere yakuda imene timaiona pa matanthwe tili kumudzi ndiyo njira za madzi a m'dzinja. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Tsono ngati phiri silimwa, madzi athu amasungidwa kuti? Amasungidwa m'kadothi kocepa kamene kali m'mbali mwa phiri, m'masamba oola a pansi pa mitengo, m'mwala wofumbutuka wa pansi pa dothilo ndi m'ming'alu yowerengeka ya mwala wolimba. Mijigo yathu imatunga m'menemo. Kucokera m'menemo madzi amatsika mwakacetecete kupita ku madambo, ndipo dambo ndilo limasunga dimba la tomato ndi repu kufikira Okutobala, ndi kumwetsa ng'ombe zimene anthu a kuno amanyadira. Nkhokwe ya madzi ya anthu a ku Vienna ndi phiri lathunthu. Yathu ndi yopyapyala ngati bulangeti, ndipo cimene caigwira kuti isatsetsereke ndi mizu ya mitengo basi.

Apa mpamene wokwera phiri amaona zimene woyenda pa mseu saona. Tili pansi, phiri limaoneka lobiriwira ndithu, pakuti zitsamba ndi mphukira zimabisa zambiri. Tili m'kati mwake timapeza zitsa, zina zatsopano zikali kukha utomoni. Timapeza mabala akuda a dothi lopsa pamene panali uvuni wa makala. Timadutsa pa lupsa losiyidwa ndi osaka mbewa, pamene masamba onse oyenera kuola asanduka phulusa loyembekezera mvula yoyamba kuti ilikokolole. Minda ina yakwera kufika pa malo otsetsereka kwambiri mwakuti wolima amacita kuima mopendekeka, ndipo kumunsi kwake kwang'ambika zigwembe zofiira. Tikayang'ana pa cidikha, timaona timagulu ta mitengo yaitali tili patalipatali ngati zisumbu pakati pa minda. Mtsogoleri wathu safunsidwa kawiri: amenewo ndi manda. Mitengo imene yatsala yathunthu ndi yokhayo imene akufa akuilondera.

Dothi la paphiri likapita silibwerera m'moyo wa munthu mmodzi. Mwala wolimba ngati uwu umatenga zaka mazana ambiri kuti ufumbutuke nkupanga dothi lokwana cikhatho. Likacoka pamatsala thanthwe, ndipo mvula imene inkatenga miyezi kuti ifike ku dambo imafika pa ola limodzi, itanyamula mcenga wokakwirira madimba ndi madamu. Mtsinje umasefukira mu Janyuwale nkuuma mu Juni. Mvula ikhoza kugwa yofanana ndi ya kale, koma citsime nkuphwa msanga.

Nkosavuta kuloza cala wootcha makala, ndipo ambiri amatero atakhala pafupi ndi mbaula yoyaka. Ife sitikuona cilungamo pamenepo. Bambo wokankha njinga ya matumba atatu kutsika nayo phiri sacita zimenezo cifukwa codana ndi mitengo. Kunyumba kukufunika feteleza, yunifomu ndi ndalama ya kucigayo. Caka ca 2024 cinationetsa bwino m'mene zinthuzi zimakokerana. Mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi ankazima maola oposa theka la tsiku, ndipo mabanja a m'matauni amene ankaphikira pa sitovu anabwerera ku mbaula. Mlimi amene cimanga cake cinapserera anapeza msika wa makala ukumudikira. Cilala cinadula mitengo, ndipo mitengo yodulidwayo idzakulitsa ululu wa cilala cotsatira. Wogula ali m'nkhaniyi pamodzi ndi wogulitsa, ndipo ogulawo ndife.

Njira ilipo, ngakhale si yofulumira. Lamulo la za nkhalango la 2015 limalola anthu a m'midzi, mogwirizana ndi mfumu yao, kupanga gulu lolembetsedwa ku boma ndi kupatsidwa mphamvu yosamalira nkhalango ya kwao: kuika malire, kuletsa odula ocokera kwina, ndi kupindula ndi uci, bowa, masuku ndi zina zotuluka m'menemo. Mitengo ya mombo ndi mtondo ili ndi khalidwe limodzi lotikomera. Ikadulidwa, citsa cake cimaphukanso, pakuti mizu imakhala ikali moyo. Phiri lometedwa silifuna mbande zogula kapena mwambo wa alendo obvala masuti odzabzala mtengo umodzi pamaso pa kamera. Lifuna kuti mphukira zisiyidwe zaka zingapo osapsa ndi moto wa mu Okutobala, osadyedwa ndi mbuzi, osadulidwanso zikali ngati mkono. Kutentha udzu msanga, mu Meyi kapena Juni ukali ndi cinyezi, kumapereka moto wofatsa umene supha timitengo. Makolo ankadziwa zimenezi boma lisanazilembe.

Covuta ndi cakuti phiri ndi la onse, ndipo ca onse cimasowa mwini. Mudzi umodzi ukasunga mbali yake pamene mudzi wa kuseri ukutentha, moto sufunsa malire. Ncifukwa cake tikanakonda kuti oyamba kukwera Mphangwe, kapena phiri lililonse la ku Sinda ndi ku Vubwi, akhale a mfumu ndi nduna zao, aphunzitsi ndi ana a sukulu, amai a m'makomiti a mijigo. Aime pamodzi pamwamba, aliyense aloze dambo la kwao, alitsate ndi cala kubwerera nalo kumtunda kufikira pa khwawa limene limalidyetsa, ndipo aone cimene catsala m'mbali mwa khwawalo. Msonkhano wa pansi pa mtengo umatha ndi mikangano ya malire. Pamwamba pa phiri malirewo saoneka, cooneka ndi njira ya madzi.

Kutsika

Tisamakhalitse pamwamba kufikira dzuwa litapendeka. Kutsika kumaoneka kopepuka, koma ngozi zambiri za m'mapiri zimacitika pobwerera, miyendo itatopa ndipo maganizo atafika kale kunyumba. Maondo amanjenjemera, timiyala timagubuduzika pansi pa nsapato, ndipo ndodo ija imene acinyamata ankaiseka m'mawa aliyense amaifuna. Pa thanthwe lotsetsereka palibe manyazi kukhala pansi nkumatsika cokhwekhwereza. Gulu liyende pa liwiro la munthu wofooka koposa, ndipo mapepala ndi mabotolo onse abwerere m'cola.

Phokoso limatilandira monga linatisiyira, koma mobwerera m'mbuyo: tambala poyamba, kenaka cigayo, kenaka ana okuwa kuti alendo aja atsika. Tisanapite kwathu timafikanso kwa a mfumu kukanena kuti tabwerako, ndipo iwo amatiwerenga mmodzimmodzi, pakuti anatiwerenganso m'mawa.